Mwezi wa Masuku, Mwezi wa Mayina

Kuno ku Belo Horizonte mvula yayamba. Usiku wapitawu inagwa ya mabingu, ndipo m'mawa nditangotsegula zenera, fungo la dothi lonyowa linandifikitsa ku Lichinga ndisanasambe n'kumaso komwe. Dothi la kuno ndi katondo ngati lakwathu, lofiira, lokakamira ku nsapato. Mzindawu nawo uli pamtunda, pakati pa mapiri. Koma kufanana kwake kumathera pomwepo. Kuno kulibe mitengo ya paini ija imaima m'mizere polowa m'tauni, kulibe nkhungu ya m'mamawa imene imakuta Sanjala ndi Namacula mpaka munthu osaona nyumba ya mnzake, kulibe amayi okhala m'mbali mwa msewu ndi mabeseni odzaza masuku. Uno ndi Novembala. Kwathu masuku apsa. Tili ana tinkathyola osapsa n'kuwavundika m'dzenje, kuphimba ndi masamba, ndipo m'mawa uliwonse tinkapita kukafukula ndi kuwadina ndi chala ngati afewa. Ndikudziwa kuti pofika sabata yamawa pamsika wa Chiuaula padzakhala poterera ndi makoko ndi nthangala zake. Ine chino ndi chaka chachisanu ndi chiwiri ndisanalaweko ngakhale limodzi.

Ku Brazil kuno Novembala sadziwika ndi masuku. Ndi mwezi umene anaupatula kuti azikumbukira mbiri ya anthu akuda, ndipo amautcha mwezi wa Consciência Negra, ndiye kuti mwezi woti munthu wakuda adzizindikire. Tsiku lake lalikulu ndi 20 Novembala. Pa tsiku limeneli mu 1695 anapha Zumbi, mtsogoleri womaliza wa Palmares, dziko limene akapolo othawa m'minda ya nzimbe anadzimangira m'mapiri a Serra da Barriga ku Alagoas, n'kuliteteza zaka pafupifupi 100. Midzi yotereyi kuno amati quilombo. Tsiku loyamba kumva liwuli, khutu langa linamva "chilombo", ndipo ndinayesa kuti eni minda ndiwo anawatcha choncho powanyoza. Anachita kundiuza pambuyo pake kuti ndi liwu lochokera ku Angola, lotanthauza msasa wa ankhondo.

Dziko linali nalo kale tsiku lina, 13 Meyi, pamene mu 1888 Isabel, mwana wamkazi wa mfumu Pedro II, anasaina lamulo lothetsa ukapolo. Koma mu 1971 kagulu ka anthu akuda ku Porto Alegre, mmodzi mwa iwo mlakatuli Oliveira Silveira, kanaona kuti tsikulo likupereka ulemu kwa dzanja limene linasaina, pamene amene anafera ufuluwo sakutchulidwa. Anasankha tsiku la Zumbi. Panapita zaka zoposa 50 kuti tsikuli likhale tchuthi cha dziko lonse: lamulo lake linasainidwa mu Disembala 2023. Ku America nkhaniyi inayamba kale, mu Febuluwale 1926, pamene Carter G. Woodson, mwana wa makolo amene anali akapolo, munthu amene anakumbapo malasha m'migodi asanakaphunzire ku Harvard, anakhazikitsa sabata ya mbiri ya anthu akuda. Mu 1976 boma linavomereza mwezi wathunthu. Ku Britain amachita mu Okutobala kuyambira 1987, ndipo amene anakankha ntchitoyo ndi Akyaaba Addai-Sebo wa ku Ghana.

Nditangofika kumene, zonsezi ndinkaziona ngati maliro a eni, amene mlendo amangovula chipewa n'kudutsa. Ndinkati mumtima: izi n'za anthu amene anakulira pansi pa azungu m'dziko limodzi. Kwathu pulezidenti ndi wakuda, mphunzitsi ndi wakuda, shehe ndi wansembe ndi akuda, wogulitsa nyemba ndi wogula onse akuda. Mwezi wa anthu akuda ungatichitire chiyani ife?

Chimene chinanditembenuza mtima si buku ayi, ndi ng'oma. Lamulungu lina la mu Okutobala, m'chaka changa chachiwiri kuno, mnzanga wa kuntchito ananditengera ku chikondwerero cha Amayi Maria a Korona, m'dera lina kunja kwa mzinda. Mwambowu amati congado. Kutsogolo kunkabwera gulu la Congo, lovala zowala, maliboni akuuluka ku zipewa, likuvina mothamanga ngati losesa njira. Pambuyo pake kunabwera gulu lina loyenda pang'onopang'ono, misana yowerama, maso pansi. Anthu ake anavala zoyera, mipango kumutu, timasiketi tafupitafupi pamwamba pa mathalauza, ndipo m'miyendo anamanga tizitini tokhala ndi njere mkati. Tizitini timeneti amati gunga. Ife tikanati maseche. Akaponda pansi onse pamodzi, tsee, tsee, tsee, phokoso lake linkalowa m'chifuwa. Mkulu wa gululo, ndodo m'manja, ankayambitsa nyimbo ndi mawu otsika, enawo n'kumavomereza. Kumbuyo kwawo, pansi pa maambulera, kunkayenda nkhalamba ziwiri zovala zisoti zachifumu, mfumu ndi mfumukazi a mwambowo.

"Nanga awa ndiye ndani?" ndinafunsa.

"Awa ndi a Moçambique," anatero mnzangayo. "Ndiwo amalondera mfumu. Popanda iwo chisoti sichiyenda."

Thupi langa lonse linachita tsemwe. Dzina la dziko langa, kutsidya kwa nyanja yamchere, lili pa mbendera ya anthu amene sanaliponde n'kamodzi komwe. Mtima unathamangira ku Metangula, ku mganda wa anyamata ovala zoyera, ku chioda cha amayi atamanga kapulana m'chiuno. Gule atatha, mnzangayo ananong'oneza mayi wina wachikulire wa m'gululo kuti mlendoyu ndi wa ku Mozambique kwenikweni. Mayiwo, thukuta lili kamukamu, anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri monga amachitira agogo akwathu, osalisiya.

"Mwana wanga," anatero, "kumeneko amatikumbuka ife?"

Ndinati, "Eya, amayi, timakukumbukani." Pakamwa panatero poti sindikanatha kuwakhumudwitsa, koma mtima unkadziwa kuti ndanena bodza. Kuyambira ku Lichinga mpaka ku Cóbuè, sindinamvepo munthu kutchalitchi, kumzikiti kapena pabwalo la mfumu akutchula abale athu amene anawoloka osabwerera.

Dzinalo anthu amenewa sanachite kulitola panjira. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 mpaka 1850, pamene Brazil analetsa kubweretsa akapolo kuchokera ku Africa, zombo zinkanyamuka pa chilumba cha Mozambique ndi ku Quelimane zitadzaza anthu, n'kuzungulira kumunsi kwa Africa. Ambiri mwa anthuwo sanali a kugombe. Anali a kumtunda, Amakua, Ayao, Anyanja, Asena, oyendetsedwa masabata ndi miyezi goli lili m'khosi. Akafika kuno ankawalemba dzina la doko limene anakwerera, basi mtundu wawo n'kukhala umenewo. Chombo china, São José, chinanyamuka pachilumbapo mu Disembala 1794 ndi anthu pafupifupi 500 kupita ku Maranhão. Pa 27 Disembala chinasweka pamiyala pafupi ndi Cape Town. Oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anawagulitsa komweko. Ndinapitako ku Rio de Janeiro kukaona miyala ya doko la Valongo, imene inafukulidwa mu 2011, pamene panatsikira anthu pafupifupi 900,000 ochokera ku Africa. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikudzifunsa kuti mwa amene anaponda miyala iyi, ndi angati ankalira m'Chinyanja.

Koma chimene chinandibaya kwenikweni ndi funso la mwana. Kuno kuli lamulo la mu 2003, nambala 10.639, lolamula kuti m'sukulu muziphunzitsidwa mbiri ya Africa ndi ya anthu akuda a ku Brazil. Ndiye Novembala akafika aphunzitsi amasakasaka munthu wa ku Africa woti akacheze ndi ana. Chaka china anandiitana pa sukulu ina ya pulayimale. Ndinanyamula kapulana, mapu ndi zithunzi za nyanja. Ndinawauza za Eduardo Mondlane ndi Samora Machel, ndipo zonse zinkayenda bwino. Anawo anali atajambula pamakoma mitengo ya mabanja awo, ndipo ndinaona kuti mitengo yambiri inkathera pa agogo, pamwamba pake pali mabokosi opanda kanthu. Mphunzitsi anandiuza kuti mayina a makolo awo anafufutika pa ubatizo wa kudoko ndi m'mabuku a eni minda. Kenaka kamtsikana kena ka zaka ngati khumi, tsitsi loluka bwino, kanakweza dzanja.

"Inu poti simunachotsedwe kwanu, mukudziwa onse eti? Agogo a agogo anu anali ndani?"

Ndinayamba kuwerenga ndi zala. Amayi. Agogo. Amayi awo a agogo, amene ndinkangodziwa kuti ankawatcha a Nambewe. Pamwamba pake, zii. Mtengo wanga unali wofanana msinkhu ndi wa kamtsikanako. Iko mayina anachita kukalanda. Ine palibe anandilanda, ndinawataya ndekha.

Ndikuti ndinawataya chifukwa ndinauzidwa. Agogo anga obala amayi ankakhala ku Messumba, m'mbali mwa nyanja, pafupi ndi mishoni yakale ya Anglican. Sukulu ikatsekera tinkakwera lole ku Lichinga, kudutsa pa Maniamba, n'kuyamba kutsetsereka. Pakhonde lina la phiri nyanja inkangotulukira mwadzidzidzi, yobiriwira, yopanda malire, ndipo kuzizira kwa kumtunda kunkatsala m'mbuyo, majuzi n'kuvulidwa. Kwa agogo kunkanunkhira usipa wa pathandala ndi kondowole. Madzulo, tikadya, ankakhala pamphasa miyendo atatambasula, akusenda chinangwa choti akaviike mawa, n'kumayamba nkhani popanda wowapempha. Ankanena za nthawi ya agogo awo, pamene anthu ankagona m'malinga ndipo ena ankamanga tinyumba pamitengo yozika m'madzi kuopa Magwangwara, Angoni ochokera kumpoto. Pamene munthu sankapita kumunda yekha chifukwa cha ogwira anthu otsika m'mapiri. Ankanena za madau, zombo za matanga zochokera ku Nkhotakota kwa Jumbe, zimene zinkatsitsa anthu omangidwa tsidya lino kuti ayambe ulendo wapansi wopita ku Kilwa. Ndipo nthawi zonse nkhaniyo inkafika pa mtsikana mmodzi, mng'ono wawo wa agogo awowo, amene anapita kukatola nkhuni m'mawa ndi anzake awiri. Madzulo anthu anangopeza nkhata ndi mtolo womanga kale. Agogo ankatchula dzina lake. Ankalitchula bwinobwino, kawiri, n'kukhala chete pang'ono mpeni uli m'manja.

Ine ndinali pomwepo, khutu lili pa kawailesi, ndikumvera mpira.

Agogo anatisiya ndisanabwere kuno. Amayi akuti nkhaniyo akuikumbuka, koma dzina linawathawa. Ndikawerengera zaka, mtsikanayo anagwidwa njira ya ku Brazil itatsekeka kale, ndiye mwina anathera ku Kilwa, ku Zanzibar, kapena anakhala kapolo m'mudzi wina wa kumapiri n'kubereka ana amene lero timagulana nawo mbatata pamsika. Munthu womaliza padziko amene ankasunga dzina lake analiika m'manja mwanga, ine manja ndili nditafumbata zina.

Kuchokera tsiku la kamtsikana kaja ndinayamba kufunafuna, ndipo zinandiwawa kuti za kwathu ndinakazipeza m'laibulale ya ku Brazil. Ndinapeza buku la Yohanna Barnaba Abdallah, wansembe wa Anglican amene anakhala zaka zambiri ku Unango, kumpoto kwa Lichinga, pamtunda woti munthu atha kupita m'mawa n'kubwerako dzuwa likadalipo. Bukulo, Chiikala cha Wayao, linasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Munthu wakuda, atakhala pansi pa phiri lathu, anafunsa akuluakulu, n'kulemba mbiri ya anthu ake m'chinenero chawo, kutatsala zaka zisanu ndi ziwiri kuti Woodson ayambitse sabata yake ku America. Ine ndinakula ndikuliona phiri la Unango chapatali, osadziwa kuti kumeneko kunakhala mlembi wotere. Ndinapezanso kuti m'zaka zomwezo za m'ma 1600 pamene Palmares ankalimba, kwathu kunali ufumu wa Maravi, ndipo mfumu Muzura inali ndi ankhondo zikwizikwi moti Apwitikizi a ku Zambezi ankachita kuipempha thandizo. Ndinamva za Achivanjila, mkazi amene akuluakulu amati anafika kwa mfumu Mataka ali kapolo, n'kudzakhala mfumukazi yomveredwa, yopulumutsa anthu ogwidwa, amene dzina lake likulowedwa mpaka lero ku Majune. Ngakhale dzina la mzinda wathu lili ndi mbiri: atsamunda anaukhazikitsa mu 1931 n'kuutcha Vila Cabral, dzina la bwanamkubwa wawo, ndipo ufulu utabwera unatchedwa Lichinga, liwu limene anzanga a Chiyao amati ndi khola kapena mpanda. Khutu la Mnyanja limamvamo kutchinga.

Si kuti dziko lathu lilibe masiku okumbukira. Alipo, ndipo ndimawalemekeza. Pa 3 Febuluwale timakumbukira Mondlane, amene anaphedwa ku Dar es Salaam mu 1969. Pa 7 Epulo Josina Machel. Pa 25 Juni ufulu wa mu 1975. Pa 7 Seputembala pangano la ku Lusaka. Pa 25 Seputembala kuyamba kwa nkhondo ya ufulu mu 1964. Pa 4 Okutobala mtendere wa ku Rome wa mu 1992. Niassa ali ndi gawo lake lalikulu m'nkhani imeneyi. Mfuti zoyamba za m'chigawo chathu zinalira ku Cóbuè, moyang'anana ndi Likoma. Msonkhano waukulu wachiwiri wa Frelimo unachitikira ku Matchedje mu Julayi 1968, m'nkhalango yathu, atsamunda akadali m'dziko. Paulo Samuel Kankhomba, mwana wa kunyanja kwathu amene anaphedwa mu Disembala chaka chomwecho, dzina lake lili pa sukulu ya sekondale mu Lichinga. Koma taonani masiku onsewo: palibe limodzi lopitirira 1964 kubwerera m'mbuyo. Zili ngati mtundu wa anthu unabadwa ndi mfuti m'manja, wopanda agogo. Wolemba Chiikala cha Wayao alibe tsiku. Amayi amene analima thonje lokakamiza alibe tsiku. Amene anathawa msonkho wa Companhia do Niassa, kampani imene inalamulira dera lathu mpaka 1929, n'kuwolokera ku Nyasaland, kumene zidzukulu zawo lero ndi Amalawi, alibe tsiku. Mtsikana wa nkhuni uja alibe tsiku.

Ndikudziwa chimene chimatimanga lilime. Mbiri yathu si ya azungu oipa ndi akuda abwino okhaokha. Bambo anga ndi Myao wa ku Muembe, kumene kunali likulu la Mataka. Amayi ndi Mnyanja wa ku Messumba. Mafumu a Mataka anakana Apwitikizi mpaka 1912, pamene Muembe anagonjetsedwa, ndipo pa ichi ndimanyadira. Mafumu omwewo analemera ndi minyanga ndi anthu, ndipo ena mwa anthuwo anali a kwa amayi anga. M'thupi langa muli magazi a wogulitsa ndi a wogulitsidwa. Sindikuona kuti ndiyenera kusankha mmodzi n'kubisa wina. Onse ndi agogo anga, ndipo ndikufuna kuwadziwa onse ndi ntchito zawo. Chimodzimodzi za dzana lomweli. M'dera lathu munkakhala bambo wina wolankhula Chishangana, wosoka nsapato, wopanda m'bale. Tinkangoti ndi a ku Maputo. Ndazindikira ndili wamkulu kuti anali mmodzi mwa anthu amene mu 1983, pa Operação Produção, anatoledwa m'mizinda ya kumwera n'kutayidwa ku Niassa. Ndipo ku M'telela, m'boma la Majune, n'kumene anatsekera andale Uria Simango ndi Joana Simeão, amene sanabwerenso amoyo. Izi akuluakulu amazinena motsitsa mawu, akayang'ana uku ndi uku. Chilonda chophimba ndi nsanza sichipola. Anthu a kuno andiphunzitsa kuti mtundu utha kukhala pansi pamodzi, kutchula zowawa zake mokweza, n'kudzuka uli wamphumphu.

Sabata yatha ndinaimbira amalume pa WhatsApp n'kuwauza maganizo angawa, akuti ku Niassa kuyenera kukhala mwezi wa mbiri yathu.

"Iwe mwana wa mlongo wanga," anatero, "mbiri amadya? Anthu kuno akulira feteleza ndi msewu. Komanso mbiri ya anthu onsewa ingakwane m'mwezi umodzi? Miyezi inayo tiziiwala?"

"Amalume," ndinati, "nanga chiliza cha agogo chija, bwanji munapangana tsiku? Simunkawakumbuka masiku onse?"

Anakhala kaye chete, kenaka anaseka. Iwo ndiwo anayendetsa mwambowo, ndipo akudziwa. Tonse tinkawakumbuka agogo, aliyense kumene anali, koma zaka zinkangopita manda ali chigwembe. Tsiku litatchulidwa, zinthu zinayenda: wa ku Nampula anapempha tchuthi, wa ku Mangochi anawoloka pa Mandimba, amayi anaviika chimera, simenti inagulidwa, ndipo ana amene sankadziwana anadyera m'mbale imodzi n'kufunsana kuti iwe ndiwe wa kwa yani. Chinthu chopanda tsiku ndi cha mawa, ndipo mawa safika. Phindu la mwezi wopatulidwa ndi lomweli. Suthetsa mbiri, umangoitana anthu pamphasa. Achewa a m'mayiko atatu amadziwa kuti kumapeto kwa Ogasiti kuli Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo chifukwa cha tsikulo mwana wa ku Angónia amakumana ndi wa ku Dedza ndi wa ku Katete. Alhomwe ali ndi Okutobala wawo pa Chonde. Kuno ndaona ndi maso anga mphunzitsi amene chaka chonse analibe nthawi, Novembala atafika n'kutsegula buku. Ndaona mwana akupita kunyumba kukafunsa agogo chifukwa ntchito ya kusukulu yatero.

Ndaonanso kuipa kwake, sindibisa. Masitolo ena amaika nkhope yakuda pachikwangwani mu Novembala, Disembala n'kuichotsa. M'dziko limene anthu oposa theka ndi akuda kapena amagazi osakanikirana, amene amasesa m'maofesi ndi amene amakhala pamipando yake akadali osiyana khungu. Kwathu ngozi yake ingakhale ina: mwezi wotere ungasanduke wa masikipa, makapulana a nkhope za atsogoleri ndi malankhulidwe ataliatali, agogo amene akudziwa nkhani atawakhazika padzuwa kuti aziwomba m'manja. Zikatero bola kuleka. Mwezi umene ndikuulakalaka ine ndi woti wamkulu wa boma akhale pansi, nkhalamba ya ku Chiconono kapena ku Meponda iyankhule.

Chodabwitsa n'chakuti amalume omwe ankati mbiri sadya aja sanadule foni. Anayamba kundiyalira mayina: uyu anabala uyu, mudzi unachoka apa chaka cha dzombe, uyu anathawira ku Likoma nkhondo ya Apwitikizi itavuta, uyu anabwerako ndi mkazi wa ku Chizumulu. Ndinkalemba pa envulopu ya bilu ya magetsi poti ndiyo inali pafupi, mpaka mbali zonse ziwiri zinadzaza, mpaka batire la foni yawo linatha. Zaka zonsezi nkhokwe imeneyi inali pomwepo. Panalibe amene anaigogoda.

Ndikanakhala ndi mawu pabwalo, ndikanapempha Seputembala. Nthawi imeneyo zokolola zili m'nkhokwe, misewu ya ku Mavago ndi ku Mecula ndi youma, kuzizira kwa Juni ndi Julayi kwapita, ndipo m'mwezi womwewo muli kale 23 Seputembala, tsiku la mzinda wa Lichinga, ndi 25 Seputembala. Zida tili nazo. Wailesi ya Rádio Moçambique ku Niassa imaulutsa m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakua. Madzulo alionse a mwezi umenewo itapereka theka la ola kwa nkhalamba imodzi, pakutha pa zaka khumi tingakhale ndi mawu a anthu 300. Kuyambira 2003 m'dziko mwathu muli sukulu zophunzitsa ana m'zinenero zawo; mwana aliyense atauzidwa kuti abwere ndi mayina a mibadwo inayi ndi dzina la mudzi umene makolo anachokera, makope amenewo angakhale chuma choposa mabuku ambiri. Oimba tili nawo. Gulu la Massukos, ana a Lichinga amene anatenga dzina la chipatso chathu chomwechi, linayenda m'midzi kuphunzitsa anthu zaukhondo ndi gitala, mpaka mmodzi mwa iwo, Feliciano dos Santos, analandira mphoto ya Goldman mu 2008. Ngati nyimbo inatha kuphunzitsa anthu kusamba m'manja, ingalephere kunyamula dzina la Achivanjila ndi la Abdallah? Ndikamamvera nyimbo zawo m'kachipinda kanga kuno, misozi imalengeza, ndipo ndimavomereza kuti madzi saiwala khwawa. Ndipo tsiku limodzi la mwezi umenewo ndikanafuna kuti likhale la amene anawoloka: m'matchalitchi ndi m'mizikiti atchulidwe, ngakhale mayina awo sitikuwadziwa, kuti ndikadzakumananso ndi mayi a gunga aja ndidzawayankhe zoona.

Mawa ndi 20 Novembala. Ndidzapita kumsewu ndi anzanga a kuno, ndidzamvera ng'oma zawo, koma mtima udzakhala pamphasa ya ku Messumba. Amalume akuti ku Ngoo kuli gogo wina, msuweni wa agogo anga, maso anachita khungu koma mutu uli bwinobwino. Ndawatumizira ndalama ya mafuta a njinga yamoto kuti apiteko mvula isanadule msewu.

Inu amene muli ku Lichinga, ku Metangula, ku Cuamba, ndi inu abale a kutsidya ku Nkhotakota ndi ku Likoma, za Seputembala tidzakambirana, koma agogo anu sangadikire Seputembala. Pitani Loweruka lino. Tengani kashuga ndi kasopo, khalani pansi, zimitsani wailesi, funsani mayina, ndipo muwalembe. Wina akadzakuuzani za mtsikana wa kwa a Mbewe amene anapita kukatola nkhuni ku Messumba osabwerera, chonde mumvetsere bwino dzina lake, munditumizire.